Mafuta akalowa m'madzi a pansi pa nthaka, kompyuta ingatiuze chiyani? Mafunso ndi mayankho

Tsamba lino ndi la anthu amene apatsidwa lipoti lodzaza ndi mapu a mitundumitundu, osonyeza kumene petulo kapena dizilo wotayikira pansi akulowera, ndipo akufuna kudziwa ngati mapuwo angawakhulupirire. Ena mwa inu ndinu ophunzira za madzi, ena mumagwira ntchito m'maofesi oona za chilengedwe, ena mwangokhala ndi chitsime pafupi ndi thanki yodontha. Mafunsowa ndi amene amabwerabwera.

Kodi mafuta akatayika amapita kuti kwenikweni?

Thanki yokwiriridwa pamalo omwetsera mafuta ikadyeka ndi dzimbiri, kapena paipi ikaphulika, mafuta amalowerera m'nthaka. Ena amakanirira m'timipata ta pakati pa mchenga, ena amasanduka mpweya n'kukwera, otsalawo amatsika mpaka kukafika pamene pali madzi. Poti petulo, dizilo ndi parafini n'zopepuka kuposa madzi, zimayandama pamwamba. Madzi akakwera m'nyengo ya mvula n'kudzatsikanso mvula ikatha, amanyamula mafutawo n'kumawapaka m'nthaka chokwera ndi chotsika. Chigawo chopakikachi ndicho chimakhala gwero la vuto kwa zaka zambirimbiri. M'malipoti mafuta oterewa mudzaona akulembedwa LNAPL.

Komabe chimene chimafika pachitsime kawirikawiri ndi kachigawo kochepa kamene kamasungunuka n'kumayenda ndi madzi, makamaka mankhwala anayi: benzene, toluene, ethylbenzene ndi xylene, amene pamodzi amalembedwa BTEX. Woopsa kwambiri ndi benzene, chifukwa amayambitsa khansa ya m'magazi. Akakhala yekhayekha amasungunuka mpaka mamiligalamu pafupifupi 1,780 pa lita imodzi ya madzi. M'petulo amakhala wosakanikirana ndi mankhwala ena ambiri, choncho amasungunuka molingana ndi kuchuluka kwake. Akakhala gawo limodzi mwa magawo 100, madzi okhudzana ndi petuloyo amatenga mamiligalamu ngati 18 pa lita. Zikumveka zochepa, koma malire a World Health Organization pa madzi akumwa ndi mamiligalamu 0.01, ndipo a ku United States ndi 0.005. Ndiye kuti 18 uja waposa malire a WHO ka 1,800.

Madzi oipitsidwawa amatambalala kuchoka pagwero, kutsatira kumene madzi akulowera. Akatswiri amati plume. Ife pano tizingoti mchira.

Nanga modelo ya pakompyuta n'chiyani?

Pansi pa nthaka sipaoneka. Timangosuzumira pa zitsime zoyezera zowerengeka, mwina khumi, mwina makumi awiri, ndipo zimene zili pakati pa chitsime china ndi chinzake timachita kuganizira. Modelo ndi kuganizira komweko, koma kochitidwa ndi masamu amene wina angathe kuwafufuza n'kuwatsutsa.

Malo onse amagawidwa m'timabokosi, ngati njerwa zosanjikizana. Kabokosi kalikonse kamapatsidwa makhalidwe ake: ndi mchenga kapena dongo, kamalola madzi kudutsa mofulumira bwanji, kali ndi mipata yochuluka motani. Kenako kompyuta imawerengera madzi olowa ndi otuluka m'kabokosi kalikonse, kuonetsetsa kuti palibe dontho losowa kapena lobwera kuchokera kosadziwika. Lamulo lake ndi lakale ndithu. Henry Darcy analilemba mu 1856 atayesa madzi odutsa mumchenga ku Dijon, m'dziko la France: madzi odutsa amachuluka molingana ndi kutsetsereka kwa mlingo wa madzi komanso mmene nthakayo imalolera.

Ntchito imagawika pawiri. Amayamba ndi kayendedwe ka madzi okha, ndipo apa pulogalamu yodziwika kwambiri ndi MODFLOW ya bungwe la United States Geological Survey, imene Michael McDonald ndi Arlen Harbaugh anatulutsa mu 1984. Ndi yaulere, ndipo MODFLOW 6 inatuluka mu 2017. Akatero amawonjezerapo kayendedwe ka mankhwala, kawirikawiri ndi MT3D ya Chunmiao Zheng ya mu 1990 kapena yotsatira yake, MT3DMS, ya mu 1999. Gawo loyamba likaphonya, lachiwiri silingakhoze, ngakhale mapu ake akongole bwanji.

Mankhwalawo amayenda pa liwiro lanji?

Pang'onopang'ono kuposa mmene ambiri amaganizira. Tiyeni tiyerekeze mchenga wolola madzi kudutsa mamita 10 patsiku, mlingo wa madzi ukutsika mamita 2 pa kilomita iliyonse, ndipo mipata ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a mchengawo. Masamu ake ndi 10 kuchulukitsa ndi 0.002, kugawa ndi 0.25. Yankho ndi masentimita 8 patsiku, kapena mamita ngati 29 pachaka. Ichi ndi chitsanzo chongopeka kuti tionere masamu, ndipo tibwereranso kwa icho.

Ali paulendo, mchira umamwazikana, chifukwa madzi ena amadutsa njira zachidule pakati pa mchenga pomwe ena amazungulira. Mankhwala enanso amamatirira ku zotsalira za zomera zimene zili m'nthaka, n'kumachedwa. Benzene samatirira kwambiri, xylene amamatirirako. Koma dziwani kuti kumwazikana ndi kumatirira sikuchotsa galamu ngakhale imodzi. Kwinaku kumangosungunula, kwinaku kumangochedwetsa. Chimene chimawonongadi mankhwalawo ndi mabakiteriya.

Nambala yovuta pamasamu aja ndi 10 uja. Kuchokera ku dongo kukafika ku miyala ya nsangalabwi, kulola kwa nthaka kumasiyana ka mabiliyoni. Ngakhale pamalo amodzi omwewo, kamzere kopyapyala ka mchenga wa maso akuluakulu kangathe kunyamula madzi ochuluka kuposa nthaka yonse yokazungulira, ndipo wokumba akakaphonya, modelo sikadziwa.

N'zoona kuti mabakiteriya amadya mafuta pansi pa nthaka?

N'zoona, ndipo sachita kubweretsedwa. Amakhalamo kale. Kwa iwo mafuta ndi chakudya, koma kuti adye amafunika chopumira, monga ifenso timafunira mpweya. Choyamba kutha ndi okosijeni, chifukwa ndiye amapereka mphamvu zambiri. Miligalamu imodzi ya BTEX imafuna mamiligalamu ngati 3.1 a okosijeni, pomwe madzi a pansi, ngakhale atakhala abwino chotani, sasunga okosijeni woposa mamiligalamu 8 mpaka 10 pa lita. Benzene wathu uja wa mamiligalamu 18 angafune oposa 50. Mukuona nokha kuti pafupi ndi gwero okosijeni amatha msangamsanga.

Akatha, ntchito imagwera mabakiteriya ena opumira nitrate, mchere wina wosungunuka m'madzi. Nitrate akatha pamabwera opumira manganizi ndi ayironi wa pamchenga, kenako opumira sulfate, ndipo pomaliza penipeni amene amatulutsa mpweya wa methane. Gulu lililonse limasiya mapazi ake. Okosijeni, nitrate ndi sulfate amachepa mkati mwa mchira poyerekeza ndi madzi oyera a kumtunda, pomwe ayironi wosungunuka ndi methane zimachuluka. Miligalamu imodzi ya BTEX imadya mamiligalamu ngati 4.9 a nitrate kapena 4.7 a sulfate, ndipo ikadyedwa ndi opumira ayironi imasiya mamiligalamu pafupifupi 22 a ayironi wosungunuka. N'chifukwa chake madzi a pamalo otere akatungidwa n'kukhala pamtunda amafiira.

Pali mfundo imodzi imene mapu ambiri amabisa. Kudya kofulumira kumachitikira m'mphepete mwa mchira, pakamzere kopyapyala pamene madzi oipa akukhudzana ndi madzi oyera obweretsa okosijeni. Kamzereka kangakhale ka masentimita ochepa chabe. Pakati pa mchira kudya kumachitika mwaulesi, ndipo benzene, amene amatha msanga pakakhala okosijeni, amakhala wokanika pamene okosijeni palibe. Toluene amagonja mosavuta.

Kudya kumeneku amakulowetsa bwanji m'kompyuta?

Njira zodziwika zilipo zitatu, ndipo muyenera kufunsa kuti lipoti lanu lagwiritsa iti.

Yofala kwambiri ndi yongonena kuti mankhwala amatsika ndi theka pakapita masiku akutiakuti. Akatswiri amati half-life. Ndi yosavuta, ndipo kusavutako ndiko kumaipangitsa kukhala yoopsa. Tibwerere ku chitsanzo chathu. Kuti 18 atsike mpaka pansi pa 0.01 ayenera kudulidwa pakati ka 11. Kudula kulikonse kukamatenga masiku 200, onse pamodzi ndi masiku 2,200, ndipo pa liwiro la masentimita 8 patsiku mchira ufika mamita 176. Wina akangosintha 200 kukhala 400, mchira wafika mamita 352. Chitsime chimene chili pa mamita 250 chapulumuka pamasamu oyamba, chamira pa achiwiri, koma nthaka ndi yomweyo. Ndipo njirayi siidziwa kuti okosijeni amatha. Imadyetsa mabakiteriya mofanana paliponse, m'mphepete ndi pakati pomwe.

Yachiwiri imati mafuta akangokumana ndi okosijeni amadyedwa nthawi yomweyo, moti choletsa ndi kuchuluka kwa okosijeni wofika pamalopo. Robert Borden ndi Philip Bedient anaifotokoza mu 1986, ndipo ndiyo inali maziko a BIOPLUME ya ku Rice University. Imagwira bwino pa okosijeni, koma ikagwiritsidwa ntchito pa sulfate kapena methane, kumene kudya kuli kochedwa, imapatsa mabakiteriya ulemu woposa ntchito yawo.

Yachitatu imatsata masamu a Jacques Monod, katswiri wa ku France amene m'zaka za m'ma 1940 anafotokoza mmene mabakiteriya amachulukira molingana ndi chakudya. Imawerengera kukula ndi kufa kwa mabakiteriyawo, gulu lililonse palokha. Ndiyo yoyandikira choonadi, koma imafuna manambala ambiri amene sapezeka pamalopo, choncho wopanga modelo amakawabwereka m'mabuku kapena mulabotale. Nambala ya m'botolo logwedezedwa bwino mulabotale kawirikawiri imakhala yothamanga kuposa ya pansi pa nthaka, kumene chakudya ndi mpweya zimakumana movutikira.

Ndigwiritse ntchito pulogalamu iti?

Yambani ndi yaing'ono. BIOSCREEN, imene bungwe la Environmental Protection Agency la ku United States linatulutsa mu 1996, imayenda mu Excel ndipo imadalira masamu a Patrick Domenico a mu 1987. Imatenga nthaka yonse ngati yofanana ndiponso madzi ngati akulowera mbali imodzi. Pa thanki imodzi yodontha mumchenga, ili ndi zambiri zoti ikuphunzitseni pa tsiku limodzi. Pakakhala mijigo yopopa pafupi, mtsinje, kapena nthaka yosanjikizana mitundu, pamafunika MODFLOW pamodzi ndi RT3D, imene Prabhakar Clement anatulutsa mu 1997 ali ku Pacific Northwest National Laboratory. Ofuna kutsata mmene miyala ndi madzi zikusinthira amapita ku PHT3D ya Henning Prommer, imene imalumikiza MT3DMS ndi PHREEQC, pulogalamu yowerengera mmene mankhwala a m'madzi ndi a m'miyala amasinthirana.

Ine ndimaona kuti ambiri amathamangira zazikuluzi asanafike pozifuna. Zitsime zisanu sizingadyetse modelo ya timabokosi miliyoni.

Modelo ikagwirizana ndi zimene zayezedwa m'zitsime, ndiye kuti ndi yolondola?

Ayi, ndipo apa m'pamene anthu ambiri amagwera. Wopanga modelo amasinthasintha manambala mpaka zotuluka m'kompyuta zifanane ndi zoyezedwa. Ena amachita pamanja, ena ndi pulogalamu ngati PEST ya John Doherty. Palibe cholakwika pamenepo. Vuto ndi lakuti manambala osiyana angathe kubala chithunzi chimodzimodzi. Madzi othamanga okhala ndi mabakiteriya akhama amapereka mchira wofanana ndi wa madzi ochedwa okhala ndi mabakiteriya aulesi. M'chitsanzo chathu, liwiro la masentimita 16 ndi masiku 100 limaperekanso mamita 176 omwe aja. Lero zithunzi ziwirizi n'zofanana, koma mukafunsa kuti chidzachitike n'chiyani wina akakumba mjigo pafupi, zimayankha zosiyana. Mu 1992 Leonard Konikow ndi John Bredehoeft, akuluakulu pa ntchitoyi, ananena poyera kuti modelo ya madzi a pansi siingatsimikizidwe kuti ndi yoona. Ingathe kungoyesedwa n'kupezeka yolakwa, kapena kupitirira mayesowo pakadali pano.

Palinso vuto la zitsime zenizenizo. Chitsime chikakumbidwa mamita ochepa pambali pa msana wa mchira, chimaonetsa manambala otsika, ndipo modelo imawamasulira ngati kuti mabakiteriya adya. Mvula yolowa pamwamba imathanso kukankhira mchira pansi pamene ukutalikira gwero, moti zitsime zosazama zimatunga madzi oyera a pamwamba, mchira ukudutsa pansi pake mwakachetechete. Chitsime chokhala ndi sefa yaitali nacho chimasakaniza madzi oipa ndi oyera n'kupereka nambala imene kulibe pena paliponse m'nthakamo. Zolakwa zitatuzi zonse zimakokera mbali imodzi: zimaonetsa malo ngati akuchira msanga.

Njira imodzi yosiyanitsira kudyedwa ndi kungosakanikirana ndi madzi oyera ndiyo kuyeza mitundu ya kaboni. Mabakiteriya amadya msanga mamolekyu okhala ndi kaboni 12, wopepuka, choncho benzene wotsala amakhala ndi kaboni 13 wochulukirapo. Kusakanikirana ndi madzi oyera sikusintha muyezo umenewu.

Kukula kwa timabokosi kuli ndi ntchito?

Kwambiri. Kompyuta imatenga zonse za m'kabokosi kamodzi ngati zosakanikirana bwinobwino. Kabokosi kakakhala kotalika mita yathunthu kuchokera pansi kufika pamwamba, pomwe kamzere kokumanirana kaja ndi ka masentimita ochepa, modelo imasakaniza okosijeni ndi mafuta zimene m'nthaka sizinakumane, n'kuzidyetsa. Mchira wa pakompyuta umafupika chifukwa cha masamu chabe.

Pali malo amene zonsezi zinayesedwa kwa nthawi yaitali?

Otchuka kwambiri ali pafupi ndi Bemidji, m'chigawo cha Minnesota ku United States. Mu Ogasiti 1979 paipi inaphulika n'kutaya malita pafupifupi 1.7 miliyoni a mafuta osayenga. Atachotsa amene akanatheka, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi linatsalira m'nthaka, ndipo kuyambira 1983 akatswiri a United States Geological Survey ndi a m'mayunivesite akhala akuyeza malowo chaka ndi chaka. Anapeza kuti mchira wa BTEX unkakula pang'onopang'ono kwambiri poyerekeza ndi liwiro la madzi. Modelo imene Hedeff Essaid ndi anzake anapanga mu 1995 inaonetsa kuti zoposa theka la zimene zinadyedwa m'madzimo zinadyedwa ndi mabakiteriya osafuna okosijeni, chinthu chimene mamodelo oyambirira sankachiwerengera n'komwe.

Malowa anadzaphunzitsanso zina zimene palibe anaziika m'kompyuta poyamba. Kaboni wambiri wochokera m'mafutawo amatuluka chokwera, ngati methane amene amasanduka carbon dioxide asanafike pamwamba pa nthaka. Mabakiteriya opumira ayironi akamasungunula ayironi wa pamchenga amamasulanso arsenic amene anali atamatirira pamenepo, moti madzi amaipa ndi poizoni amene sanali m'mafutamo. Ndipo zotsalira za mafuta odyedwa mosamaliza zimapanga mchira wawo wopitirira wa BTEX. Patha zaka zoposa 40, mafuta akadalipo.

Kawirikawiri mchira umafika patali bwanji?

Mu 1995 akatswiri a Lawrence Livermore National Laboratory anasanthula malo ambiri a mathanki odontha ku California, n'kupeza kuti mchira wa benzene kawirikawiri sunkapitirira mapazi 250, amene ndi mamita ngati 76. Nkhaniyi inatsitsa mitima ya anthu pansi. Chaka chotsatira, mu 1996, mzinda wa Santa Monica unatseka zitsime zake za ku Charnock chifukwa cha MTBE, mankhwala amene ankathiridwa m'petulo kuti aziyaka bwino. MTBE amasungunuka kuposa benzene koposa ka 20, samatirira m'nthaka, ndipo mabakiteriya samukonda. California inamuletsa kuyambira mu 2004. Chiwerengero cha benzene chinali choona, koma chinali cha benzene yekha.

Petulo wosakaniza ndi ethanol alinso ndi khalidwe lake. Mabakiteriya amayamba kudya ethanol, n'kumaliza okosijeni yense, benzene n'kupeza mpata wopita patali. Ndipo m'miyala yong'aluka kapena ya laimu yokhala ndi mapanga, madzi amathamanga m'ming'alu ngati m'mapaipi, moti ziwerengero za mumchenga sizigwirako ntchito.

Ndiye tingangowasiya mafutawo kuti mabakiteriya athane nawo?

Nthawi zina inde, koma kusiya kwake ndi kokhala maso. Malangizo a Environmental Protection Agency a mu 1999 amafuna umboni wa mitundu itatu: zoyezedwa za zaka zingapo zoonetsa kuti mankhwala akuchepadi, mapazi aja a okosijeni, sulfate, ayironi ndi methane, komanso, pakafunika, mayeso oonetsa mwachindunji kuti mabakiteriya a pamalopo akudya. Amayembekezeranso kuti gwero lichotsedwe kapena litsekerezedwe, ndiponso kuti pakhale njira ina yokonzeratu zinthu zikapanda kuyenda monga modelo inanenera. Madzi akatayika sawoleka, mafutanso chimodzimodzi, koma thanki yodontha imatheka kufukulidwa, ndipo dothi lonyowa ndi mafuta limatheka kukumbidwa.

Funso limene modelo imalephera kawirikawiri ndi lakuti "zidzatha liti?" Kutalika kwa mchira imakuyerekeza bwinoko. Zaka zimene gwero lidzakhale likutulutsa mankhwala zimadalira kuchuluka kwa mafuta otsala m'nthaka, ndipo nambala imeneyi nthawi zambiri palibe amaidziwa bwino, ngakhale mwini thanki.

Ndapatsidwa lipoti. Ndifunse chiyani?

Funsani kumene nambala ya kudya kwa mabakiteriya yachokera: pamalopo kapena m'buku? Pemphani aone zimene zikutuluka akaichepetsa ndi theka, komanso akaichotseratu. Wopanga modelo wodziwa ntchito amakhala atayesa kale zimenezi ndipo sakwiya nazo. Funsaninso ngati mlingo wa madzi unayezedwa m'nyengo zonse, chifukwa mbali imene madzi akulowera imatha kusintha pakati pa nyengo ya mvula ndi yopanda mvula. Onani ngati mijigo yopopa ya pafupi yalowetsedwa, ndi kuchuluka kwa madzi amene imapopa. Fufuzani ngati pali zitsime zozama mosiyanasiyana kumunsi kwa mchira, ndipo ngati anayeza MTBE ndi arsenic kuwonjezera pa BTEX.

Lipoti lopereka mzere umodzi wokha pamapu, lopanda kunena kuti mchira ungafike pakati pa apa ndi apo, libwezeni akawonjezere. Kenako pemphani kuti alembe zimene modelo ikuyembekezera pa chitsime chakutichakuti pakatha chaka chimodzi, ndi nambala imene ikadzapitirira ntchito yochotsa idzayambe. Chaka chikatha, katungeni madziwo mukayeze.